KALEMBEDWE KA MADETI NDI NTHAŴI M'MAPULOGALAMU A PA INTANETI: CHITSANZO CHA KWA KATUNGA M'CHIGWA CHA SHIRE

1.0 CHIYAMBI

Malamulo a kalembedwe ka Chicheŵa amene bungwe la Chichewa Board lidatulutsa m'zaka za 1973, 1980 ndi 1990 adakonzedwa poganizira mlembi amene ali ndi cholembera m'manja, munthu wodziŵa chiyankhulo chake ndiponso wotha kusankha mawu oyenera malo ake. Masiku ano madeti ambiri amene Amalaŵi amaŵerenga salembedwa ndi munthu. Amalembedwa ndi pulogalamu ya kompyuta: pa tsamba la intaneti, pa uthenga wotsimikiza kuti ndalama zafika pa foni, pa chenjezo la mvula yamphamvu. Pulogalamu sidziŵa chiyankhulo chilichonse. Imangotola mawu pa mndandanda umene idapatsidwa ndi kuwaika m'chikombole chimene idapatsidwanso. Pamene mndandanda wa Chicheŵa palibe, oŵerenga amalandira Chingerezi. Pamene mndandandawo udalembedwa mosaganizira bwino, cholakwa chimodzi chimafikira anthu zikwizikwi nthaŵi imodzi.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuonetsa kuti kukonza mndandanda ndi chikombole chimenechi ndi ntchito ya akatswiri a ziyankhulo, osati ya olemba mapulogalamu okha. Tiyamba ndi kufotokoza dera limene tatengako chitsanzo, kenaka tiona m'mene kompyuta imasungira nthaŵi, ndipo pambuyo pake tisanthula mayina a masiku, mayina a miyezi, zigawo za tsiku ndi aonjezi a nthaŵi. Mauthenga onse amene tapereka ngati zitsanzo tawapanga tokha pofuna kuonetsa mfundo.

2.0 CHIFUKWA CHOSANKHIRA KWA KATUNGA

Kwa Katunga ndi dera la mfumu yaikulu m'boma la Chikwawa. Dzinali lidachokera kwa mmodzi wa Amakololo amene adafika ndi David Livingstone nakhazikika pakati pa Amang'anja m'zaka za m'ma 1860. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 pa Katunga padali doko pamene sitima zochokera ku Zambezi zinkathera ulendo wake, popeza kumtunda kwake kuli mathithi a Kapichira, ndipo katundu ankakwera mapiri kupita ku Blantyre pamutu pa amtengatenga.

Tasankha derali pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, m'chigwa cha Shire nthaŵi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mvula ikagwa kumapiri, madzi ake amatsika ndi mitsinje monga Mwanza, Mwamphanzi ndi Ruo, nafika m'chigwa patapita maola, nthaŵi zina kumwamba kwa m'chigwamo kuli koyera. Zidatero mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Chenjezo lofika kwa anthu otere liyenera kunena tsiku ndi ola mosasiya mpata wokayika.

Chachiŵiri, chigwachi ndi cha ziyankhulo zingapo. Muli Chimang'anja ndi Chisena, Chicheŵa cha kusukulu ndi cha pa wailesi, Chingerezi cha m'maofesi, ndipo kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kuli Chipwitikizi. Vuto lililonse limene kalembedwe ka deti kangakhale nalo limaonekera msanga pamalo otere.

3.0 M'MENE KOMPYUTA IMAGWIRIRA NTHAŴI

Tiyenera kusiyanitsa zinthu zitatu: kasungidwe ka nthaŵi, katumizidwe kake, ndi kaonetsedwe kake kwa munthu. Chiyankhulo chimaloŵa pa chachitatu chokha.

3.1 Makompyuta ambiri amasunga nthaŵi ngati nambala imodzi, imene ndi chiŵerengero cha masekondi kuyambira pakati pa usiku pa 1 Januwale 1970, poyendera nthaŵi ya dziko lonse yotchedwa UTC. JavaScript, chiyankhulo cha mapulogalamu chimene chidapangidwa mu 1995 ndipo chimayendetsa masamba ambiri a intaneti, chimaŵerenga chimodzimodzi, koma chimagaŵa sekondi iliyonse m'zigawo 1,000. Nambala yotere ilibe dzina la tsiku, ilibe mwezi, ndipo sidziŵa dziko.

3.2 Malaŵi ali patsogolo pa UTC ndi maola aŵiri chaka chonse, monganso Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. M'nkhokwe ya madera a nthaŵi imene makompyuta amagwiritsa ntchito, dziko lathu limadziŵika ndi dzina lakuti Africa/Blantyre, limene lidalumikizidwa ku Africa/Maputo chifukwa mawotchi a malo aŵiriŵa amayendera limodzi. Maola aŵiriŵa ndi ochepa, koma amadutsa malire a tsiku. Taonani chitsanzo ichi:

(1) a. 1678662000
b. 2023-03-12T23:00:00Z
c. 2023-03-13T01:00:00+02:00
d. Lolemba pa 13 Malichi 2023, 1 koloko usiku

Mizere inayi yonseyi ikunena mphindi imodzi yomweyo. Koma pulogalamu ikadula mbali ya deti yokha pa (1b), madzi amene adaloŵa m'mudzi pa 13 Malichi alembedwa kuti adaloŵa pa 12 Malichi. Chilichonse chochitika kuno pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku chikhoza kubwerera tsiku limodzi m'mbuyo motere. Tsiku lobadwa, limene lilibe ola, likasungidwa ngati kuti ndi pakati pa usiku wa kuno, limabwereranso chimodzimodzi.

3.3 Kalembedwe ka mu (1b) ndi (1c) ndi ka muyezo wa ISO 8601, umene udatuluka koyamba mu 1988. Umayamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka tsiku, ndipo ndiwo woyenera pamene makompyuta akutumizirana nthaŵi. Muyezo wa machenjezo a ngozi wotchedwa Common Alerting Protocol umalamula kuti kusiyana ndi UTC kuzilembedwa poyera m'manambala monga mu (1c), ndipo umasiyanitsa nthaŵi imene chenjezo latumizidwa, imene ngozi iyambe, ndi imene chenjezolo lithe mphamvu.

3.4 Kuchoka pa (1c) kufika pa (1d) ndiyo ntchito ya chiyankhulo. Mapulogalamu otsegulira masamba a intaneti, monga Chrome ndi Firefox, amatenga mayina a masiku, a miyezi ndi zikombole za madeti m'nkhokwe ya CLDR, imene imasamalidwa ndi bungwe la Unicode Consortium. Kuyambira mu 2012 JavaScript ili ndi njira yotchedwa Intl yofunsira deti m'chiyankhulo chimene munthu wasankha. Chizindikiro cha Chicheŵa kapena Chinyanja ndi ny, ndipo chimatha kutsatana ndi dziko: ny-MW, ny-ZM, ny-MZ. Chiyankhulo chimene mfundo zake sizidaikidwe m'pulogalamuyo sichikanidwa mokweza. Pulogalamu imangoyankha m'chiyankhulo china chimene foni kapena kompyutayo idaikidwa, ndipo kwathu kuno kaŵirikaŵiri chimakhala Chingerezi.

4.0 MAYINA A MASIKU

4.1 Mayina onse asanu ndi aŵiri amayamba ndi mgwirizanitsi wa dzina lakuti tsiku, la gulu la Li-Ma:

(2) Lolemba, Lachiŵiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loŵeruka, Lamulungu

Anayi ndi oŵerenga: tsiku lachiŵiri, lachitatu, lachinayi, lachisanu. Aŵiri adachokera ku aneni a ntchito yolipidwa, kulemba ndi kuŵeruka, ndipo lotsiriza ndi la chipembedzo. Kapangidwe kameneka kakutiuza kuti m'Chicheŵa mlungu umayamba Lolemba, pakuti Lachiŵiri silingakhale lachiŵiri ngati Lolemba si loyamba. Kalendala ya pa tsamba la Chicheŵa imene yaika Lamulungu kumayambiriro ikuika Lachiŵiri pa mzere wachitatu, ndipo ikutsutsana ndi mawu ake omwe.

4.2 Mapulogalamu sagwirizana pa kaŵerengedwe ka masiku. ISO 8601 imapatsa Lolemba 1 ndi Lamulungu 7, ndipo ikugwirizana ndi Chicheŵa kotheratu. JavaScript imapatsa Lamulungu 0 ndi Lolemba 1, kotero Lachiŵiri likhalabe 2. Koma njira ina ya chiyankhulo cha Python imapatsa Lolemba 0, ndipo Lachiŵiri limakhala 1. Mlembi wa pulogalamu wodziŵa Chicheŵa akaona 3 amaganiza Lachitatu mosazengereza, pamene m'kaŵerengedwe kotsirizaka 3 ndi Lachinayi.

Kusiyana kotereku kulinso pakati pa ziyankhulo za m'chigwa. Chisena chimaŵerenga monga Chicheŵa: Chiposi, Chipiri, Chitatu, Chinai, Chishanu, kenaka Sabudu ndi Dimingu, aŵiri otsirizaŵa obwerekedwa ku Chipwitikizi. Koma Chipwitikizi chenichenicho chimatcha Lolemba segunda-feira, ndiko kuti lachiŵiri, ndi Lachiŵiri terça-feira, ndiko kuti lachitatu. Womasulira chenjezo lochokera kutsidya kwa malire akatsata nambala ya m'dzinalo, alichedwetsa ndi tsiku lathunthu.

4.3 Kalendala ya pa foni imafuna mayina achidule. Chizoloŵezi cha Chingerezi chodula malembo atatu oyamba chimapereka izi:

(3) Lol, Lac, Lac, Lac, Lac, Loŵ, Lam

Masiku anayi afanana, ndipo tikadula lembo limodzi onse asanu ndi aŵiri akhala L. Chifukwa chake ndi chodziŵika kwa katswiri wa ziyankhulo za Chibantu: tanthauzo lili pa tsinde, osati pa mphatikiri. Tikupempha kuti chidule chizitengedwa pa tsinde:

(4) a. Lem, Ŵir, Tat, Nay, San, Ŵer, Mul
b. Le, Ŵi, Ta, Na, Sa, Ŵe, Mu

Pamene malo achepa kwambiri, malembo aŵiri a mu (4b) ndiwo malire. Lembo limodzi silingasiyanitse Lachiŵiri ndi Loŵeruka.

4.4 Tsiku lotsiriza lili ndi mayina atatu: Lamulungu, Lasabata ndi Sande. M'nkhani wamba onse ndi omveka. Koma kwa Akhristu opemphera Loŵeruka, amene ali ambiri m'chigawo cha kumwera kuyambira pamene mishoni ya Malamulo ku Thyolo idakhala ya mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1902, Sabata ndi Loŵeruka. Mawu akuti sabata amatanthauzanso mlungu wathunthu. Pa chifukwa chimenechi dzina loyenera mndandanda wa pulogalamu ndi Lamulungu, limene silisokoneza wina aliyense.

5.0 MAYINA A MIYEZI NDI DONGOSOLO LA DETI

5.1 Mayina a miyezi ndi obwerekera, ndipo kalembedwe kake sikadakhazikike. Timaona Malichi ndi Marichi, Seputembala ndi Sepitembala, Okutobala ndi Okotobala, Novembala ndi Novemba. Mlembi wa buku akhoza kusankha. Pulogalamu siingasankhe, ndipo ikamafunafuna Malichi siipeza zimene zidasungidwa pansi pa Marichi. Lamulo lodziŵika lakuti r alembedwe pambuyo pa i ndi e, ndipo l alembedwe pena ponse, likutithandiza pa Malichi, Epulo ndi Febuluwale. Pa ena otsalawo chofunika ndi chigamulo chabe. Mndandanda umene tikuupereka kuti uganiziridwe ndi uwu:

(5) Januwale, Febuluwale, Malichi, Epulo, Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti, Seputembala, Okutobala, Novembala, Disembala

Pano malembo atatu oyamba akukwanira pa chidule, pakuti palibe aŵiri ofanana. Tidziŵenso kuti JavaScript imaŵerenga miyezi kuyambira pa 0, kotero Malichi ndi 2. Mndandanda woyambira pa 1 ukalumikizidwa nayo mosasamala, chenjezo la Malichi lituluka ndi dzina la Febuluwale. Njira yatsopano ya JavaScript yotchedwa Temporal idakonza zimenezi: imayamba miyezi pa 1, imayamba mlungu Lolemba, ndipo ili ndi mtundu wa deti lopanda ola.

5.2 Mndandanda wa mu (5) ndi wa Malaŵi. Mnyanja wa ku Tete kapena ku Niassa adaphunzira miyezi m'Chipwitikizi, nchifukwa chake chizindikiro cha dziko sichiyenera kusiyidwa. Chisena chikutiphunzitsa zomwezo. M'nkhokwe ya CLDR muli Chisena cha ku Mozambique, cha chizindikiro seh, ndipo miyezi yake ndi yochokera ku Chipwitikizi, monga Janeiro, Abril ndi Maio. Chisena cha ku Malaŵi chili ndi chizindikiro chakechake, swk. Wolemba pulogalamu wofuna kuthandiza anthu a ku Nsanje akasankha seh, awapatsa mayina a masiku amene amawadziŵa pamodzi ndi mayina a miyezi amene sadawaphunzire kusukulu.

5.3 Deti la manambala okhaokha ndi loopsa. Kwa Mmalaŵi 12/03/2023 ndi 12 Malichi. Kwa munthu wa ku America ndi 3 Disembala, ndipo mapulogalamu odziŵika otsegulira masamba akapatsidwa malembo ameneŵa amawamva monga wa ku America. Pa tsamba la Chicheŵa mwezi uzilembedwa ndi dzina lake nthaŵi zonse.

5.4 Deti silikhala lokha m'chiganizo; limafuna mperekezi, ndipo mperekeziyo amasintha:

(6) a. pa 13 Malichi 2023
b. mu Malichi 2023
c. mu 2023, kapena m'chaka cha 2023
d. Lolemba (popanda mperekezi)
e. *pa Malichi 2023

Pulogalamu imene idalembedwa kuti iziika pa kumayambiro kwa deti lililonse ibala (6e). Chikombole chilichonse chiyenera kukhala ndi mperekezi wake, ndipo womasulira apatsidwe chiganizo chathunthu, osati zidutswa zoti kompyuta ilumikize.

6.0 ZIGAWO ZA TSIKU

6.1 Apa ndi pamene Chicheŵa chikusiyana kwambiri ndi chikombole cha Chingerezi. Wotchi ya maola 12 imagaŵa tsiku paŵiri ndi zizindikiro AM ndi PM. Womasulira wopatsidwa mabokosi aŵiri amalemba m'maŵa m'loyamba ndi madzulo kapena masana m'lachiŵiri. Zotsatira zake ndi izi:

(7) a. *1 koloko m'maŵa (01:00)
b. *1 koloko madzulo (13:00)
c. *11 koloko masana (23:00)

Palibe munthu wa kwa Katunga amene angatche 01:00 m'maŵa. Umenewo ndi usiku. Chicheŵa chimagaŵa tsiku potsata dzuŵa, ndipo zigawo zake ndi zosachepera zisanu: mbandakucha, m'maŵa, masana, madzulo ndi usiku. CLDR imalola kagaŵidwe kotere, ndipo Chiswahili chidapezerapo kale mwayi poika alfajiri, asubuhi, mchana, jioni ndi usiku. Chofunika ndi kuika malire pa maola athunthu. M'chigwa cha Shire dzuŵa limatuluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko ndi kuloŵa cha m'ma 5 kapena 6 koloko, malinga ndi nyengo, kotero malire angathe kukhala amodzi chaka chonse. Tikuyambira pa aŵa:

(8) 04:00–05:59 mbandakucha
06:00–11:59 m'maŵa
12:00–14:59 masana
15:00–18:59 madzulo
19:00–03:59 usiku

Malire a masana ndi madzulo ndiwo angadzetse mtsutso, pakuti 3 koloko masana ndi 3 koloko madzulo onse amamveka. Mtsutso umenewo suopsa, popeza mawu onse aŵiri akunena ola limodzi. Choopsa ndi 6 koloko yopanda chigawo. Pa 6 koloko imodzi kunja kukucha ndipo bwato likhoza kuoloka ndi ana ndi mbuzi. Pa inayo kunja kukuda.

6.2 Vuto lina ndi la poyambira tsiku. Kwa kompyuta tsiku limasintha pakati pa usiku. Kwa anthu limasintha kukacha: usiku wa Lamulungu ndi mdima wonse wotsatira madzulo a Lamulungu mpaka tambala atalira. Choncho (1d), ngakhale ndi yolondola pa kalendala, ikhoza kumveka molakwika. Womva "Lolemba, 1 koloko usiku" akhoza kuyembekeza usiku wotsatira Lolemba masana, ndiye kuti wachedwa ndi maola 24. Pa maola a pakati pa 00:00 ndi 03:59 chenjezo litchule masiku onse aŵiri:

(9) usiku wa Lamulungu kufikira mbandakucha wa Lolemba pa 13 Malichi

6.3 Za nyengo za chaka tingonena mwachidule. Dzinja, masika, nyengo yachisanu ndi chilimwe sizifanana ndi zigawo zinayi za miyezi itatuitatu zimene mapulogalamu amazidziŵa, ndipo dzinja limadutsa malire a chaka. Mvula ya Disembala 2022 ndi ya Malichi 2023 ndi ya dzinja limodzi; tsamba loonetsa mvula chaka ndi chaka limalidula pakati. Chikombole cha dzinja la 2022/2023 chiyenera kukonzedwa padera.

7.0 AONJEZI A NTHAŴI NDI MGWIRIZANO

7.1 Masamba ambiri salemba deti lathunthu koma mawu monga lero kapena dzulo. Chicheŵa chili ndi mawu okwanira:

(10) dzana, dzulo, lero, maŵa, mkuja

CLDR imalola mawu a masiku aŵiri m'mbuyo ndi aŵiri m'tsogolo, kotero dzana ndi mkuja ali ndi malo ake, ngakhale Chingerezi chilibe liwu limodzi pa matanthauzo ameneŵa. Koma tichenjere ndi maŵiri aŵa:

(11) a. maŵa, m'maŵa
b. dzulo, madzulo

Kusiyana kwake ndi phatikizo limodzi, ndipo pa foni anthu amalemba mmawa, m'mawa ndi mawa mosasiyanitsa kwenikweni. "Madzi afika m'maŵa" ndi "madzi afika maŵa" ndi mauthenga aŵiri osiyana.

7.2 Choposa apo, tanthauzo la mawu a mu (10) limadalira nthaŵi imene akunenedwa. Pa tsamba la intaneti pulogalamu imawasintha yokha tsiku likasintha. Pa uthenga wa pa foni sasintha. Nthaŵi ya namondwe magetsi amazima, mafoni amatha moto, ndipo uthenga wolembedwa Loŵeruka ukhoza kuŵerengedwa Lamulungu, kenaka kulengezedwa pakamwa ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Maŵa wa wolemba wasanduka lero wa woŵerenga. M'chenjezo, mawu a mu (10) asaime okha. Azitsagana ndi dzina la tsiku ndi deti.

7.3 Potchula nthaŵi yapita, Chingerezi chimaika liwu limodzi losasintha pambuyo pa nambala. Chicheŵa chimafuna mgwirizano ndi gulu la dzina:

(12) a. mphindi 5 zapitazo
b. maola 5 apitawo
c. masiku 5 apitawo
d. miyezi 5 yapitayo
e. zaka 5 zapitazo
f. ola limodzi lapitalo

Muyezo uliwonse wa nthaŵi ukufuna zikombole ziŵiri, cha chimodzi ndi cha zambiri. Izi CLDR imalola, koma pulogalamu yolembedwa mofulumira imapereka bokosi limodzi, ndipo zikatero timaona *miyezi 5 zapitazo.

8.0 LEMBO LA Ŵ NDI CHIZINDIKIRO CHA M'MWAMBA

M'nkhani ino tasunga ŵ, ngakhale olemba ambiri masiku ano adamsiya. Mayina aŵiri a masiku ali naye, pamodzi ndi nthaŵi, maŵa ndi m'maŵa. Pa tsamba la intaneti ŵ savuta, pakuti ali ndi malo ake mu Unicode. Pa uthenga wamba wa pa foni nkhani ndi ina. Uthenga umodzi umanyamula malembo 160 ngati onse ali m'gulu la malembo a GSM. Lembo limodzi lokha lakunja kwa gululo likaloŵa, malire amatsika kufika pa 70. Ŵ sali m'gululo, ndipo chizindikiro chopindika cha m'mwamba chimene mapulogalamu ena olembera amaika okha mu m'maŵa sichilimonso. Choongoka ndicho chilimo. Uthenga wautali umagaŵidwa m'zidutswa, mtengo umakwera, ndipo pamene netiweki yafooka chidutswa china chikhoza kuchedwa.

Sitikunena kuti luso la mafoni ligamule kalembedwe ka chiyankhulo. Tikunena kuti lamulo lilole w m'malo mwa ŵ pa mauthenga a pa foni, ndi kuti mapulogalamu ofunafuna mawu aziona Lachiŵiri ndi Lachiwiri ngati liwu limodzi. Chitsanzo chotsatirachi chikutsata mfundo zonse zimene tanena, ndipo chili ndi malembo 156:

(13) CHENJEZO: Madzi a Shire akhoza kusefukira kwa Katunga Lolemba pa 13 Malichi, kuyambira 4 koloko mbandakucha. Samukirani kumtunda Lamulungu dzuwa lisanalowe.

Tikadalemba dzuŵa ndi lisanaloŵe, uthenga womwewu ukadagaŵidwa patatu.

9.0 ZOYENERA KUCHITA

Kuchokera pa zimene tafotokozazi, tikupereka mfundo izi kwa okonza ndondomeko za ziyankhulo:

(a) Pakhale mndandanda umodzi wovomerezeka wa mayina a masiku ndi a miyezi, aatali ndi achidule, ndipo chidule cha masiku chitengedwe pa tsinde.

(b) Kalendala ya Chicheŵa iziyamba Lolemba.

(c) Ola lililonse la wotchi ya maola 12 lizitsagana ndi chigawo cha tsiku, ndipo malire a mu (8) ayesedwe pakati pa oyankhula a m'madera osiyanasiyana, kuphatikizapo Amang'anja ndi Asena a m'chigwa, asanavomerezedwe.

(d) Deti loŵerengedwa ndi munthu lizikhala ndi dzina la mwezi. Deti lotumizidwa pakati pa makompyuta lizitsata ISO 8601 ndi kuonetsa kusiyana kwake ndi UTC.

(e) M'machenjezo a ngozi, dzulo, lero ndi maŵa asaime okha, ndipo maola a pakati pa usiku atchule masiku aŵiri.

(f) Mfundo zimene zagwirizanidwa ziperekedwe ku CLDR, imene imalandira zopereka za odziŵa chiyankhulo, ndipo Chicheŵa cha Malaŵi, Chinyanja cha Zambia ndi cha Mozambique zisiyanitsidwe pamene zikusiyanadi.

Bungwe la Centre for Language Studies la pa University of Malawi, limene lidaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ndilo lili pamalo oyenera kuitana msonkhano wotere, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona zanyengo, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a wailesi ndi olemba mapulogalamu.

10.0 MATHERO

Mawu amene tikukambaŵa ndi ochepa: masiku 7, miyezi 12, zigawo za tsiku 5, aonjezi 5, ndi zikombole zoŵerengeka. Poyerekeza ndi ntchito yolemba mtanthauziramawu, imeneyi ndi yaing'ono. Koma mawu ameneŵa amabwerezedwa tsiku ndi tsiku pa foni iliyonse, ndipo chimene anthu amaona kaŵirikaŵiri ndicho chimasanduka lamulo, kaya bungwe lavomereza kapena ayi. Akatswiri a ziyankhulo akapanda kugamula, chigamulo chichitikabe: achipanga mlembi wa pulogalamu amene ali pa changu, kapena womasulira amene wapatsidwa mabokosi aŵiri pamene chiyankhulo chikufuna asanu. Kwa woŵerenga nyuzipepala m'tauni cholakwa chotere ndi chokhumudwitsa chabe. Kwa banja la kwa Katunga limene likufuna kudziŵa ngati lisamuke madzulo ano kapena lidikire kuche, cholakwacho ndi maola 12 kapena 24 amene banjalo lilibe.